Ka Sitima ka Katoni: Yambani na Mawilo, Penti Izabwela Pambuyo

Mu June ninachita manyazi pamaso pa ana onse a mu yadi mwathu. Ninatha masondo atatu nili pa mutu wa sitima wa katoni: penti yofiila, kachumuni pamwamba, mawindo a pulasitiki, na ka nambala pambali. Tsiku loyesa ninaitana onse, mpaka ba landilodi anatuluka na kapu ya tiyi kumanja. Ninaika sitima pa njanji yanga ya mapulanga, nakanikiza switchi. Inalila monga udzudzu waukulu, inanyamuka monga minibasi yaona ba traffic, ndipo pa kona yoyamba inajumpha n'kukagwela mu beseni ya zovala zimene ba neba ananyika. Katoni na madzi a sopo, mudziwa mwekha mmene zimamvelana. Ana anaseka mpaka ena kugona pansi. Mwana wa ba sisi anga, wamene nikhala naye, anangopukusa mutu ati, "Ba ankolo, iyi si sitima, ni submarine."

Nakuuzani izi chifukwa ambili mwakhala munifunsa funso limodzi: kodi munthu wa mu komboni, wamene thumba lake limauma pa 15, angapange ka sitima koyenda zoona? Angapange. Ku maiko monga Britain ni masewela a anthu akuluakulu, ndipo mutu umodzi wogula mu shopu ungadye lenti ya chipinda. Ise tilibe ndalama izo, koma tili na manja amene anakulila pa galimoto ya waya. Chimene tisowa ni chimodzi chabe: kupima. Galimoto ya waya imakhululuka, wilo ikapendama umaiwongola na chiwongolelo uli paulendo. Sitima ilibe chiwongolelo. Imamvela njanji, ndipo njanji siikhululuka.

Geji ni chani?

Geji ni mpata uli pakati pa nsimbi ziwili za njanji, kupimila mkati. Maiko ambili asewenzetsa 1,435 mm, wamene amati standard gauge. Ndiye uli pa njanji ya Mombasa kupita ku Nairobi imene Kenya inatsegula mu 2017. Mpata uliwonse wochepekela apo amati narrow gauge, njanji yopapatiza. Manje mvelani ichi: njanji yathu muno mu Zambia ni yopapatiza. Ya Zambia Railways yochoka ku Livingstone kupitila mu Lusaka na Kabwe mpaka ku Copperbelt ni 1,067 mm, ndiye kuti mafiti 3 na mainchesi 6. TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchoka ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, imene inamangiwa na thandizo la China kuyambila mu 1970 mpaka 1975, nayo ni 1,067 mm. Ya Chipata na Mchinji, yotseguliwa mu 2010, ni chimodzimodzi.

Pali zina zopapatiza kupambana apo, za mafiti 2 chabe, 610 mm. Izi ndiye za tumasitima twa m'migodi, twa m'minda ya nzimbe na twa m'mafakitale. Njanji yoyamba yochoka ku Beira kupita ku Mutare inali ya mafiti 2, mpaka mu 1900 pamene anaikulitsa. Ku Wales kuli ya Ffestiniog, ya 597 mm, imene inali kunyamula miyala yofolelela nyumba ndipo mpaka lelo inyamula alendo.

Amene anamanga njanji zopapatiza anali kuthawa mtengo. Nsimbi zopepuka, makona okhota kwambili, mitu ing'onoing'ono. Zifukwa zimenezo ndiye zathu. Mutu wa sitima yotele ni wamfupi, uli na mawilo anayi chabe, ndipo njanji yake izungulila mu chipinda chimodzi ukasuntha tebulo. Chinanso, tumitu utu anali kutugamba m'maworkshop, denga la uku, nyale ya uko. Palibe azabwela kukuuzani ati yanu siifanana na yeniyeni.

Sankhani namba imodzi

Musanadule chilichonse, sankhani namba imene muzagawila nayo zonse. Ine nilangiza njanji ya 32 mm na namba 19. Masamu ake ni aya: 610 kugawa na 32 ni pafupifupi 19. Ku Britain amati 16mm scale, chifukwa mamilimita 16 aimila futi imodzi. So chilichonse cha pa sitima yeniyeni muchigawe na 19. Dalaivala wa mita 1.7 akhala wa masentimita 9. Ka mutu ka dizilo ka mamita 3 kakhala ka masentimita 16, monga chidina chochepa. Saizi iyi ni yabwino chifukwa zala zikwana, ndipo mabatili alowa mkati.

Ngati mtima wanu uli pa sitima zathu za 1,067 mm, pangani njanji ya 45 mm, mugawe na 24. Koma mitu yathu ya pa njanji yaikulu ni italiitali, ili na mawilo ambili m'magulu awili otembenuka. Iyo isiyeni chaka chamawa. Pali na tuja tung'onong'ono twa 009, twa njanji ya 9 mm na namba 76, tumene ambili amamangila pa makina ogula a Kato ya ku Japan. Ni twabwino, koma tufunika kuitanitsa kunja. Chimodzi chabe nikupempheni: mukapeza seti yakale ya Lima olo Hornby pa salaula ku Soweto olo ku Kamwala, ya njanji ya 16.5 mm, musaisiye. Chotsani thupi, musunge makina, mumange thupi lanu na namba 64. 16.5 kuchulukitsa na 64 ni 1,056 mm, pafupi kwambili na njanji yathu. Ndiye mmene amachitila ambili ku New Zealand, kumene njanji yawo ni yolingana na yathu.

Zimene ba mudala anapeza

Tsiku la submarine lija, pakati pa anthu oseka panali mmodzi wamene sanaseke. Ni ba mudala a pa nyumba yachitatu, amene anali fita ku workshop ya njanji ku Kabwe mpaka kupuma nchito. Anavuula sitima mu beseni, sanayangane na penti yomwe, anaigadamika chabe.

"Mwana wanga, leta rula."

Ninaleta. Mpata wa pakati pa mawilo a kutsogolo unali 26 mm, a kumbuyo 30 mm. Njanji nayo pena inali 31, pena 35.

"Iwe wapanga nyumba," anakamba. "Ise mutu ukabwela ku workshop tenze kuyambila pansi. Wilo ikanama, sitima yonse yanama."

"Manje nichite bwanji, ba mudala?"

"Taya vonse ivi. Yamba na kapulanga kamozi."

Zinanibaba, koma safunsa anadya phula. Zimene zitsatila apa ndiye ndondomeko imene tinatsatila pa sitima yachiwili, imene iyenda mpaka lelo.

Tupulanga tuwili

Dulani kapulanga kolimba ka 32 mm ndendende, na kena ka 28 mm. Ka 32 ndiye geji ya njanji: pali ponse pamene mukhomela nsimbi, kazilowa pakati kosagwedela. Ka 28 ni ka mawilo: kumbuyo kwa wilo imodzi kufika kumbuyo kwa inzake pafunika 28 mm, pa ekiselo iliyonse. Amene mwasankha njanji ya 45 mm, kanu ka mawilo ni ka 40 mm. Mulembepo na maka, mutusunge monga NRC.

Mawilo

Wilo ya sitima ili na mbali ziwili: pamene iponda, na flanji, kamulomo kaja kamene kamatsikila mkati mwa njanji kuti sitima isachoke. Njila yosavuta ni kupita kwa kalipentala, monga aja a ku Kalingalinga, mumupemphe akudulileni tumawilo tunayi pa pulaiwudi na chija chobowolela maloko a zitseko, twa 30 mm olo pafupi napo. Ubwino wake ni wakuti bowo imatuluka pakati penipeni. Ngati mulibe, zivindikilo za pulasitiki za mabotolo a drinki nazo zili pafupi na saizi iyo; mudzaze mkati na kamtengo kothina. Flanji muidule pa chivindikilo cha baketi yakale, ikule 4 mm kupambana wilo, kuti iziturukila 2 mm mbali zonse. Jambulani na kampasi ya mu seti ya kusukulu, ndipo pamene nsonga yalasa ndiye pakati. Dziwani kuti super glue siigwila pulasitiki ya zivindikilo. Kalani na sandipepa, muike epoxy, muonjezele tumisomali tuwili.

Ekiselo ya kumbuyo ingakhale sipoko ya njinga olo welding rodi yopala, izizungulila mu kapaipi ka bolopeni. Mukatsiliza, gudubuzani pa galasi ya windo. Ikavina, bwezani. Osadzinamiza ati izakhala bwino ikalema.

Mota

Apa ndiye panali tchimo langa lalikulu. Ninalumikiza kamota ka mu chidole mwachindunji ku wilo. Tumamota utu tuzungulila kambili kwambili pa mineti koma tulibe mphamvu yodonsa, so mufunika kuchepetsa liwilo kuti mupeze mphamvu, monga giya wanu pa chikweza. Chosavuta ni kaja kamota kayelo kokhala na magiya mkati, kamene ana a sukulu amapangila tumaroboti. Magiya ake ni 48 kwa 1, kayenda na mavoti 3 mpaka 6, kali na ekiselo mbali zonse ziwili, ndipo thupi lake likwana pakati pa mawilo a 28 mm. Funsani m'mashopu a zamagetsi mu tauni. Ngati pali chinthu chimodzi choyenela kugula chanyowani, ni ichi.

Ngati ndalama yakana, pitani kwa wokonza mawailesi mupemphe DVD yakufa. Kamota kotsegula thileyi kamabwela na kapule na kalamba kake. Kapule ka 5 mm kakazungulutsa ka 25 mm, liwilo lachepa kasanu. Mukachita kawili, lachepa ka 25. Motoka ya rimoti yothyoka ya pa salaula nayo ili na bokosi ya magiya yosewenza.

Muzadziwa bwanji kuti liwilo lili bwino? Ka sitima ka mu mugodi koyenda makilomita 15 pa ola, mukagawa na 19, ni masentimita 22 pa sekondi. Pimani mita imodzi pansi. Sitima yanu ithe masekondi 4 olo 5 kuidutsa. Ikafika mu sekondi imodzi, mwapanga minibasi.

Magetsi ni mabatili awili a AA. Ikani switchi ya miyendo 6 yoima pakati, kuti muzikhala na kutsogolo, kuima na rivesi. Ubwino wa mabatili ni wakuti malaiti akayenda, imwe muli paulendo, ndipo njanji siifunika kupitisa magetsi, so ingakhale ya mtengo.

Chasisi na kulema

Chasisi ni kapulanga kafulati ka masentimita 15. Pakati pa ekiselo ya kutsogolo na ya kumbuyo pakhale masentimita 7. Mukatalikitsa, izakana makona. Ma ekiselo onse awili akhale olunjika mofanana, pimani mbali zonse ziwili. Bowo ya ekiselo ya kumbuyo muikulitseko pang'ono chokwela, kuti ekiselo izipendama na njanji ndipo mawilo onse anayi aziponda. Sitima yopepuka imangozungulutsa mawilo pamalo amodzi, so mangani manati olo mabauti akale pansi, pamwamba pa mawilo odonsa. Kulema kukhale pansi. Mabatili mukawaika padenga, pa kona izagwa. Mawilo akamatelela, dulani kalamba kowonda pa chubu ya njinga muvalike pamene wilo iponda.

Manje imvani lamulo la ba mudala: chasisi iyende maraundi 20 ili maliseche, kutsogolo na rivesi, ikalibe kuvala thupi. Ikagwa kamodzi, mupeze chifukwa, muyambenso kupenda.

Njanji

Musachite manyazi na njanji ya mapulanga. Kampani ya Zambezi Sawmills ku Livingstone, poyamba kunyamula mitengo ya mukusi, inali kuyendetsa ngolo pa njanji za mtengo, isanamange ija yansimbi ya ku Mulobezi m'zaka za m'ma 1920. Imwe pemphani zidutswa zotsala kwa akalipentala olo ku Buseko. Zogoneka pansi zikhale masentimita 8 m'litali, motalikilana masentimita 5. Nsimbi zanu ni timizele twa mtengo twa 5 mm m'lifupi na 10 mm kutalika chokwela. Twa pa kona mutunyike m'madzi usiku wonse kuti tupindike kosathyoka. Ena amasewenzetsa malamba ansimbi omangila mabelo, kuwalowetsa m'mipata yocheka na hakiso. Alimba, koma akuthwa monga lezala, so muwakale na fayelo ana asanayandikile.

Kona mujambule na msomali na nthambo ya masentimita 60, osachepekela apo. Pa kona muonjezele 1 mm pa geji kuti mawilo apume. Polumikiza zidutswa pitisani chala: chala chikamva chitunda, wilo nayo izamva.

Thupi, manje

Apa ndiye posangalatsa, ndipo ni paulele. Katoni ya sopo olo ya phala la ana, mapepala atatu omatika na guluu ya mapulanga n'kupanikiza pansi pa chidina usiku wonse, imalimba monga pulaiwudi yowonda. Yambani na ka dizilo: bokosi imodzi ya injini, ina ya dalaivala. Magrili ni neti yansimbi ya sefa yakale. Ekizozi ni bolopeni. Mawindo ni pulasitiki yoonekela ya pa paketi ya mabatili. Marivet ni tumadontho twa guluu twoika na nsonga ya machisa. Nyale ni LED ya mu tochi yakufa. Mukafuna mutu wa malasha, boila ni paipi ya PVC ya 40 olo 50 mm, chumuni ni maka yakutha, ndipo ka chipewa ka pamwamba ni chivindikilo cha roll-on. Thupi lizingovalika na kuvulika, kuti muzisintha mabatili. Musanapente, pakani vanishi olo guluu yosungunula mkati na kunja, chinyezi chisalowe. Ine nilankhula monga munthu wamene anaphunzila mu beseni.

Penti ikauma, idetseni pang'ono. Fumbi ya malasha pa chala, mupake kuzungulila ekizozi na pansi. Mutu wogwila nchito siung'anima monga nsapato ya pa ukwati.

Pa sitima yachiwili ninagula zinthu zinayi chabe: mota, switchi, guluu na mabatili. Zonse pamodzi sizinafike pa ndalama imene mufana wanga amathela pa mabundle mwezi umodzi.

Zitatu zosachita

Choyamba, musayese kupanga boila ya nthunzi yeniyeni na chikopo na moto. Aja amene mumaona pa YouTube ali na maboila a kopa owotchelela bwino, oyesewa, okhala na vavu yotulutsa mphamvu. Chikopo chimaphulika kumaso. Chikopo cha spray nacho musachibowole, olo chioneke chatha.

Chachiwili, batili ya mu power bank yakufa ingayendetse sitima, koma ikakhala yotupa olo yotibuka, itayeni kutali na moto. Mawaya ake akagundana imagwila moto, ndipo sitima yanu ni ya katoni.

Chachitatu, pa njanji yeniyeni musachotsepo kanthu, olo ka bauti kamodzi. Ni mulandu, ndipo bauti iyo igwila miyoyo ya anthu. Mukafuna kuona sitima, imililani patali. Mukafuna kupima, ku Railway Museum ku Livingstone kuli mitu yakale ya malasha itaima chabe. Pemphani chilolezo, mutulutse tepi yanu.

Za mufana wanga

Uja wa submarine ali mu Giredi 9, ndipo masamu na iye ni mphaka na galu. Nthawi zonse amati, "Ba ankolo, ma ratio nizayadya?" Sanakwelepo sitima. Ine nikumbukila ija ya Njanji imene inali kuyenda pakati pa Chilenje na George m'zaka za m'ma 1990, koma kwa iye njanji ni njila yachidule yopita mu tauni na malo ogulitsilapo tomato. Pamene tinayamba yachiwili anali kungoyangana na diso limodzi, lina pa foni. Tsiku lina ninamupeza wapima chitseko cha nyumba, walemba 200 pa katoni, agawa na 19.

"Uchita chani iwe?"

"Dalaivala wanu sangangene, ba ankolo. Chiseko mwachepesa. Chifunika 10 na hafu."

Ninapima. Anali kukamba zoona. Sininamuuze kuti iyo ndiye ratio, ningamuthawitse.

Pa Chisanu chapita malaiti anayenda cha m'ma 19 hours. Tinayala njanji pa yadi, tinayatsa ka LED, ndipo mutu unadonsa ngolo zitatu zodzala na tumalasha, pang'onopang'ono, kudutsa pafupi na beseni ija kosaiyangana. Ana amene anaseka mu June anakhala pa mzele kuyembekezela switchi. Ba mudala anaima na ndodo yawo, anapenda maraundi mpaka 20, ndiye anati, "Manje iyi ni sitima." Mufana wanga akuti yachitatu ni yake, ndipo afuna ya TAZARA. Namuuza kuti ayambe kuphunzila kugawa na 24.

Sondo yamawa tizakamba za ngolo na zokolekela, na mmene mungapangile mphambano kuti sitima izisintha njila. Pakali pano musagule penti. Pezani rula, mudule tupulanga tuwili.